Chala Chopanda Mphete

Mphete inachoka pa chala cha amuna anga, a Ellard, sabata yoyamba ya Okutobala, ndipo ndinazindikira tsiku lomwelo pamene ankalandira kapu ya tiyi m'manja mwanga. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mphete ija inali isanavulidwepo. Ngakhale ku ntchito kwawo ku Govan, komwe amawotcherera zitsulo za sitima zapamadzi, ankangoikulunga ndi tepi n'kuvala magolovesi. Tsopano panangotsala kamzere koyererako pakhungu.

"Bambo a Luntha, mphete ili kuti?"

"Ili pabwino, mayi a Luntha."

"Pabwino pake ndi pa chala."

Anaseka pang'ono, n'kulowetsa dzanja m'thumba la jekete. Kuyambira tsiku limenelo manja awo anasamukira m'matumba.

Ine ndine Sellina, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Partick, dera la mumzinda wa Glasgow komwe timakhala, ndipo sindine mkazi wansanje. Ndimangoona zinthu basi. Ndinaona kuti munthu amene ankapukuta mbale mpaka kuwala wayamba kusiya theka la mpunga, ati sakumva njala. Mwamuna akasiya kudya pakhomo, mkazi aliyense wa kwathu ku Ntcheu amadziwa funso lake: akukhuta kuti? Lamba anamuboola bowo lina. Ndinati mumtima, ehe, madala ayamba kufuna kuoneka ngati mnyamata.

Ndiye panali za masitepe. Nyumba yathu ili pamwamba penipeni, pa nsanjika yachitatu. Ndikamva chitseko cha pansi chikumenyetseka madzulo ndinkasuzumira, ndipo tsiku ndi tsiku ndinkawaona ataima pa nsanjika yoyamba, atatsamira khoma, foni ili m'manja. Akakwera pang'ono, aimanso, maso pa foni. Ndi uthenga wanji umene munthu sangauwerengere m'nyumba mwake? Pasanapite nthawi anayamba kugona pa sofa, chokhala, ati chifuwa chawo chingamandisokoneze tulo poti ndimalawirira ku shifiti. Chifuwacho anali nacho ndithu, koma ku Glasgow kuno ndani alibe chifuwa mu Okutobala? Mwana wathu Luntha ali ku Aberdeen, ndiye m'nyumba munali ife awiri ndi mafunso anga.

Kwathu Lachinayi ndi tsiku la Mvano. Kuno, ku mpingo umene timapemphera, Lachinayi ndi tsiku loyenda. Mkulu wa mpingo wina, a John, mzungu wa konkuno amene anapuma pa uphunzitsi, amasonkhanitsa aliyense amene ali ndi mpata n'kumazungulira nawo m'tauni kuwaonetsa nyumba zakale. Poyamba ndinkaziseka. Anthu akuluakulu kumayenda pa mvula, osati kumaliro, osati kumsika, kungoyang'ana makoma! Koma Lachinayi lina sindinali pa shifiti, m'nyumba munandichepera, ndiye ndinatenga ambulera n'kukakwera sitima yapansi mpaka m'tauni.

Tinalipo asanu ndi anayi. A John anati lero tiona misika yakale yofoleredwa ndi magalasi. Tinayambira pa wina umene pamwamba pa khomo lake pali mbalame yaikulu yachitsulo yotambasula mchira, ndipo a John anafotokoza za mbalameyo mpaka mvula inatilowa m'nsapato. Kenako tinayenda pang'ono mu msewu wa Buchanan n'kuima pa khomo lina lopapatiza. Pakhomopo panaima mlonda wamtali wa chikhoti chakuda ndi chipewa chachitali ngati ndowa yovundikira.

"Iyi ndiyo Argyll Arcade," anatero a John m'Chingerezi chawo chomeza mawu chija. "Inamangidwa mu 1827. Anaboola njira pakati pa nyumba, kuchokera msewu uno kukatulukira msewu wa Argyle, kuti anthu azigula zinthu osanyowa. Tikalowa, muyang'ane m'mwamba."

Tinalowa. Ndi kanjira kakatali, koyera mbee, kokhota pakati ngati chigongono. Kumwamba kuli denga la magalasi logwiridwa ndi zitsulo zopyapyala, mvula ikungoliza pamwamba pake osakukhudza. Anzanga onse anakweza mitu ngati nkhuku zikumwa madzi. Ine ayi. Masitolo onse, uku ndi uku, ndi a mphete, mawotchi ndi mikanda ya golide, magetsi akuwalira pa dayamondi mpaka kuwawa m'maso. Munthu amene wakhala milungu itatu akuganizira mphete imodzi, kumulowetsa mu msika wa mphete zikwizikwi n'kumuputa dala.

Chifukwa choti sindinayang'ane m'mwamba, ndinaona jekete yobiriwira kutsogolo kwathu, pafupi ndi pokhota paja. Jekete imeneyo ndinagula ndine. Mwini wake anachoka m'nyumba sikisi koloko m'mawa atanyamula kontena ya chakudya, ati akupita ku yadi, kuntchito kwawo kuja. Ndipo sanali yekha. Pa mkono wawo panakolekeka dzanja la Yvonne.

Yvonne ndi mtsikana wa m'kwaya yathu, wa ku Zomba, nesi pa chipatala chachikulu cha ku Govan. Anadya Khirisimasi ziwiri pa tebulo langa. Bulangete loyamba limene anafunda m'dziko lozizira lino linali langa. Amanditchula kuti mayi, ndipo popereka moni amapinda bondo ngati mwana woleredwa bwino.

A John ndi gulu lawo anapitirira, akuloza zitsulo za kudenga. Ine ndinatsalira, ndinakoka chipewa cha jekete yanga mpaka pamphumi, n'kubisala pa ngodya ya chigongono chija. A Ellard ndi Yvonne analowa m'kasitolo kena kakang'ono. Pa galasi la kutsogolo, pakati pa mizere ya mphete, ndinkawaona bwinobwino chakumbali. Ndinatulutsa foni n'kuwaimbira. Ndinawaona akuitulutsa m'thumba, akuyang'ana dzina langa, akuyang'ana Yvonne. Yvonne anagwedeza mutu kuti yankhani.

"Halo, mayi a Luntha."

"Muli kuti, bambo?"

"Ndili ku yadi. Ndikuimbirani pa break."

Kumva bodza pa foni n'kwina. Kuona pakamwa pamene likutulukira, kudzera pa galasi lopukutidwa bwino, n'kwinanso. Ndinati chabwino, mugwire ntchito bwino, n'kudula.

"Zonse zili bwino, mayi?"

Ndinadzidzimuka. Anali mlonda wa chipewa cha ndowa uja, ataima pambali panga, manja kumbuyo. Apo m'pamene ndinadziona mmene ankandionera iye: mzimayi wobisa nkhope, ambulera m'manja ngati chibonga, wakhala mphindi khumi akusuzumira sitolo ya dayamondi pa ngodya. Ine kulondera mwamuna wanga, iye kulondera ine.

"Ndikuyang'ana denga," ndinatero.

"Ndi lokongola kwambiri," anayankha mwaulemu, ndipo tonse awiri tinakweza mitu n'kuyang'ana denga limene panalibe amene ankalifuna. Kenako anasuntha mapazi atatu okha n'kuimanso, diso limodzi lili pa ine.

Nditabweza maso ku sitolo kuja, mayi wogulitsa anali atabweretsa kabokosi. Yvonne anatulutsamo mphete. Anatenga dzanja lamanzere la amuna anga ndi manja ake onse awiri, n'kuwerama, n'kuyamba kuwaveka pang'onopang'ono, mosamala ngati akuveka khanda. Atatha, a Ellard anakweza dzanjalo n'kumaliyang'ana nthawi yaitali. Yvonne anatembenukira kumbali n'kupukuta misozi. Ndinati mumtima, lira mwana iwe, chimwemwe chake n'chachikulu, wapeza mwamuna wophikidwa kale. Tsono ndinamvetsa kumene mphete yanga inapita. Inachotsedwa kuti ipereke malo.

A Ellard anaivula, anaibweza m'kabokosi, kabokosi m'thumba. Anatuluka n'kulowera ku khomo la msewu wa Argyle, akuyenda pang'onopang'ono ngati akwati akutuluka m'tchalitchi, a Ellard atatsamira pa mtsikana uja. Kunena zoona, ndinafuna kuthamanga n'kukawaswera ambulera pamutu onse awiri, mlonda aone chimene amalipidwira. Chinandigwira si mantha ayi. Ine ndinavala yunifolomu ya Mvano ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ndinaphunzitsidwa kuti nkhani ya banja siyambira pamsewu. Imayambira kwa ankhoswe.

Ankhoswe athu enieni anatsala kumudzi, wina anamwalira, wina makutu anagontha. Titafika kuno tinapempha banja la a Gwanda, akuluakulu a mumpingo mwathu, kuti atiimirire: bambo mbali ya a Ellard, mayi mbali yanga. M'zaka khumi ndi zinayi tinali tisanawaitanepo. Ndinaimbira Mayi Gwanda ndili pomwepo, pansi pa denga la magalasi lija.

"Mayi, ndikufuna inu ndi bambo mubwere kunyumba. Pali nkhani."

"Akuuzani?"

"Sanandiuze kanthu. Ndawapeza ndekha."

"Ayi, pepani achemwali. Ife timati tibwere Loweruka masana, a Ellard anatipempha kale Lolemba. Limbani mtima. Chonde musawafunse kanthu tisanafike, zinthu ziyende m'njira yake."

Lolemba! Ndiye kuti ankhoswe akudziwa, mtsikana akudziwa, mwina kwaya yonse ikudziwa, ndipo wotsala ndi ine ndekha, mwini mwamuna. Ndinayang'ana anthu odutsa mu kanjira kaja, anyamata ndi atsikana ogwirana manja akuloza mphete pa magalasi, ndipo ndinalakalaka kuwauza kuti bwererani kwanu mukadali ndi mtendere. A John anabwera kudzandifuna, nkhope ili ngwee.

"Sellina, mwaliona denga?"

"Ndaona zambiri, a John," ndinatero, n'kutsanzika kuti mutu ukundipweteka.

Madzulo amenewo a Ellard anafika ndi kontena yawo ya chakudya, chala chilibe kanthu. Sindinafunse, monga anandilangizira Mayi Gwanda. Masiku awiriwo tinkangopatsana moni ngati anthu okumana pa basi. Lachisanu ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu. Ndinasita malaya awo onse, limodzilimodzi, n'kuwapinda bwino, kuti kumene akupitako asakanene kuti anachoka kwa Sellina ndi zovala zokwinyika. Ndinalira pa malaya abuluu amene anavala pa ubatizo wa Luntha, ndipo zinandikwiyitsa kuti ndalira. Sutikesi ndinaiimika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.

Loweruka, fili koloko, belu linalira. Ndinatsegula. A Gwanda, ndi jekete yawo ya kutchalitchi. Mayi Gwanda, atamanga duku. Ndipo kumbuyo kwawo, maso ali pansi, Yvonne.

Kumubweretsa m'nyumba mwanga! Ndinakukuta mano n'kuwalozera mipando. Tinapatsana moni mmodzimmodzi monga mwa mwambo, muli bwanji, tili bwino kaya inu, ndipo Yvonne atapinda bondo n'kunena kuti "Mwaswera bwanji, mayi?" ndinayankha khoma. A Ellard anakhala pa mpando wa pakona, manja ali pakati pa mawondo. A Gwanda anapemphera pemphero lalitali. Atati ameni anayamba kuzungulira monga amachitira akuluakulu akanyamula nkhani yolemera. Anayambira pa nyengo, anafika pa ulendo umene tonse tinayenda kuchoka kwathu, anakhota n'kunena kuti m'banja mumabwera masiku ena amene munthu sanawaitane.

"A Gwanda," ndinawadula, chinthu chimene sindinachitepo kwa munthu wamkulu, "musavutike n'kuzungulira. Ndikudziwa."

"Mlamu, dikirani pang'ono..."

"Ndadikira milungu itatu. Lachinayi ndinali mu arcade muja, ndinaima pa kona ngati wakuba mpaka security kundikayikira. Ndinaimba foni, bambo awa anati ali ku yadi, ndikuwaona ndi maso angawa. Ndinaona mwana uyu, amene ndinamufunditsa bulangete langa, akuwaveka mphete. Chakudya changa sadya. Pabedi panga sagona. Ma message amawerengera pa masitepe. Ndiye mwabwera kudzandiuza chiyani chimene sindikudziwa?"

Ndinalowa kuchipinda, ndinakoka sutikesi ija n'kuiimika pakati pa balaza.

"Zonse n'zosita. Atenge azipita."

Mayi Gwanda anagwira pakamwa. Yvonne anayamba kulira mwakachetechete, ndipo a Gwanda anayang'ana a Ellard ngati akupempha chilolezo. A Ellard anatulutsa manja awo pakati pa mawondo n'kuwaika pa tebulo, onse awiri, zikhatho pansi.

Mphete inali pa chala. Inali yanga yomwe ija, ya ukwati wathu, yogula ku Limbe, yokhala ndi kamzere kokandika kamene inapeza chaka chimene tinasamuka. Koma m'mbali mwake munali kachidutswa ka golide wowalirako, koonjezera. Ndipo zala zimene zinali pa tebulopo sizinali zala zimene ndinkazidziwa. Nsonga zake zonse zinali zotupa, zobulungira ngati ndodo zoimbira ng'oma, zikhadabo zitapindikira pansi.

"Yvonne, mwana wanga, fotokoza ndiwe," anatero a Ellard. "Ine mawu ake amandithawa."

Yvonne anapukuta m'maso. "Mayi, ndinaona zalazi kutchalitchi, tikugwirana chanza. Ku ntchito timaziona. Zikatupa chonchi, nthawi zambiri vuto limakhala m'mapapo. Ndinawakakamiza kuti apite kwa dokotala. Tsiku la scan anawauza kuti avule zitsulo zonse, mphete inakana kudutsa, ndiye anachita kuidula. Adokotala anali atawachenjeza kale kuti zinthu sizikuoneka bwino, ndipo Lachinayi m'mawa linali tsiku la ma results. Anandipempha ndiwaperekeze kuti ndikamve bwino zimene adokotala anene." Anandiyang'ana m'maso. "Ndi khansa ya m'mapapo, mayi. Treatment ayamba Lachiwiri."

Ndinakhala pansi. Sindikumbuka kuti ndinafuna kukhala, ndinangopezeka ndili pa sutikesi ija.

"Titatuluka m'chipatala ndinawauza kuti akapume," anapitiriza Yvonne. "Anakana. Anati tikatenge kaye mphete kumene anakaisiya kuti ailumikize n'kuikulitsa."

"Ndinkafuna kuti pomwe mukuuzidwa ndikhale nditaivala," anatero a Ellard, osandiyang'ana.

Mkwiyo sunachoke nthawi yomweyo, unangosintha njira. "Munauza a Gwanda. Munauza mwana uyu. Ine, amene ndimakuchapirani, ayi?"

"Mlamu," anatero a Gwanda mofatsa, "inu mukudziwa mmene timachitira. Nkhani yotere munthu sauza mkazi wake ali awiriwiri, ngati akunena za mtengo wa mafuta. Pamafunika anthu. Mukanagwa, akanakudzutsani ndani? Iwowa masitepe okha akuwakanika."

Masitepe. Ndinatembenukira kwa amuna anga.

"Foni ija?"

"Munalibe uthenga," anatero. "Ndinkadziwa kuti mumasuzumira. Ndinkaitulutsa kuti musaone kuti ndikupuma."

Ndinena zimene ndinamva, ngakhale sizikundikometsa. Ndinalakalaka akanakhala mkazi. Mkazi ndikanalimbana naye, ndikanamuitanira ankhoswe, ndikanamuyalutsa ku kwaya, ndipo a Ellard akanakhalabe ndi mapapo awo. Ndinakwiyira mwambo umene unandisandutsa womaliza kumva, ndipo ndinadziwanso kuti ndikanakhala ine wodwala, ndikanachita chimodzimodzi, ndikanaitana Mayi Gwanda. Koma chimene chinandipweteka koposa n'chakuti ine ndimasamalira odwala tsiku lililonse. Ndimadziwa kapumidwe ka nkhalamba ya eni ake ndili pakhomo. Milungu itatu yathunthu ndinkayang'ana dzanja limeneli m'mawa ndi madzulo, ndipo ndinkaona pamene panalibe mphete, osaona chala.

Ndinanyamuka pa sutikesi paja n'kukagwada pafupi ndi tebulo. Ndinatenga dzanja lija. Linali lofunda, lolemera kunsonga. Ndinazungulitsa mphete mpaka kachidutswa katsopano kaja kanabwera pamwamba.

"Anailumikiza bwino," ndinatero.

"Ndinawauza kuti ine ndi wowotcherera, ndikaona akalakwitsa," anayankha, n'kuyamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa. Ulendo uno ndinachimvetsera chifuwacho mpaka chinatha.

Ndinatembenukira kwa Yvonne. Kupepesa kwa munthu wamkulu kwa mwana kumavuta, koma ndinapepesa, pamaso pa ankhoswe, ndi mawu onse. Iye anangopinda bondo lija. Kenako, pofuna chochita ndi manja ake, anagwira sutikesi kuti aibweze kuchipinda.

"Isiye pomwepo," ndinatero. "Ndichotsamo malaya, ndiikamo zogonera ndi thawulo. Lachiwiri ipita kuchipatala, ndipo woinyamula ndine."